Nthiti Yothyoka ya Che Amidu

Amalume anga, Che Amidu, tinawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo chiyambire tsiku limenelo anthu akuwayamikira zinthu zimene eni akewo akanazimva akanaseka mpaka kutsamwa. Akuti anali munthu wofatsa. Akuti analibe kaduka ndi munthu. Pa sadaka yowakumbukira ndinamva mkulu wina akunena kuti malemuwo ankakondwa akaona achinyamata akutengera chitsanzo chawo, ndipo ndinaphimba kukamwa ndi chitenje kuti anthu aziyesa ndikulira. Ine ndine Patuma, mwana wa mchemwali wawo. Nyumba yanga ndi yawo zinkasiyanitsidwa ndi mpanda wa bango wokha, choncho ndikunena zimene ndikuzidziwa: kuyambira ku Nkopola mpaka ku Makokola kunalibe munthu wansanje ngati amalume. Ndipo ndinkawakonda ndi nsanje yawo yomweyo.

Sinali nsanje ya chuma ayi. Mnzawo akagula injini ya boti, iwo ankayamba kupita kukamuyamikira, kuisisita injiniyo ndi kuifunsa mafunso ngati mkwatibwi. Sinalinso nsanje ya mkazi, chifukwa azakhali anga Abiti Sumani ankapita kumsika wa ku Boma okha n'kubwera dzuwa litapendeka popanda wowafunsa. Chimene amalume sankapirira chinali kufanana ndi munthu. Anapaka chitseko chawo utoto wobiriwira, mudzi wonse n'kumachiyamikira. Mlamu wawo atapakanso chake utoto womwewo, amalume anatenga mpeni n'kupala chitseko chawo chonse mpaka chinatsala thabwa loyera, ndipo anakhala osalankhulana ndi mlamuyo mpaka Ramadhani itadutsa. Anali ndi kofiya yofiirira imene anaigula kwa wamalonda wina wodutsa. Tsiku limene anaona kofiya yotero pamutu pa wogulitsa usipa, yawoyo anaipereka kwa ana kuti azitoleramo bwemba. Ankakonda kunena kuti Mulungu, ndi zochita zake zonse zija, anapeza nthawi yolemba mizere yosiyana pa chala cha munthu aliyense, ndiye munthu wotsanzira mnzake akumuuza Mulungu kuti anataya nthawi pachabe.

Ntchito yowadyetsa inali kusoka maukonde. Koma mukanawafunsa kuti ndinu yani, sakanatchula ukonde. Akanati ndine mwazini, woitana anthu ku swala, mapemphero athu a Chisilamu. Mzikiti wathu masiku amenewo unali wofolera udzu, wopanda nsanja, wopanda chokuzira mawu. Kuseri kwake kunali chulu chachikulu pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo amalume anasemapo popondera ndi khasu lawo. Nthawi ya swala ikakwana ankakwera pamenepo, kuika zala m'makutu, n'kuitana azana. Ali pachulu sankaoneka kwa anthu chifukwa cha nthambi. Ankangomveka, kunyanja ndi kuminda komwe.

Azana yawo inali ndi chilema, ndipo chilemacho ndicho chinali chuma chawo. Ali mnyamata, boti limene ankalikokera kumtunda linabwerera ndi funde n'kuwaphwanya nthiti. Nthitiyo inapola mokhota, ndipo kuyambira pamenepo mpweya wawo sunkafika patali. Asanayambe kuitana ankayamba atsokomola kuti chifuwa chimasuke. Akafika pa mawu aatali amene ena amawakoka ndi mpweya umodzi, iwo ankaduka pakati, kukoka mpweya ndi kamluzu kakang'ono, kenako n'kukwera pamwamba kuposa pomwe anasiyira. Mwana wobadwa m'mudzi mwathu ankakula akuyesa kuti azana imaitanidwa choncho dziko lonse. Asodzi akamabwera kunyanja ankadziwa doko lathu ndi kupuma kumeneko. Amalume ankazidziwa zimenezi, ndipo khosi lawo ankalisamala kuposa mwana wakhanda: madzi ozizira ayi, mtedza wokazinga ayi, uchi wawo m'kabotolo kamene ngakhale azakhali sankaloledwa kukakhudza.

M'zaka zawo zomaliza, maso atayamba kuchita mdima, ankandiitana pampanda n'kundifunsa ngati ndawamva bwino. Ndikati eya, ankafunsanso kuti ndinali kuti. Ndikati ndinali pachitsime, ankakhumudwa, chifukwa chitsime chili pafupi. Ndinaphunzira kunena kuti ndinali kumsewu waukulu, ndipo ankabwerera kukhonde kwawo akugwedeza mutu mokhutira. Koma funso limeneli silinayambe ndi ukalamba. Linayamba ndi Jafali.

Zinali zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki inkatitumizira anthu. Ankalowera ku Chiponde ndi m'tinjira ta m'mapiri, akazi atasenza miphika, amuna atanyamula nkhalamba kumsana. Ambiri ankapita kumisasa kumene ankalandira ufa ndi nandolo. Ena, makamaka olankhula Chiyao ngati ife, ankatsika mpaka kunyanja n'kusungunuka pakati pathu. Jafali anali mmodzi wa oterewa. Anali bambo wamkulu ndithu, wamtali, wa chifuwa chotakata, wochokera kumudzi wina kuseri kwa Mandimba, ndipo anafika yekha. Amalume anamupeza padoko akupempha kuti akoke nawo khoka. Anamuyang'ana manja, n'kumupatsa singano ya ukonde, ndipo madzulo ake anamutsegulira kanyumba kosungiramo maukonde kuti azigonamo. Pa zimenezi palibe amene angawanene. Anamudyetsa ngati m'bale, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti ndi mwana wa msuweni wawo wa ku Namwera.

Jafali ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti asaoneke. Ankaopa kuti akadziwika adzamukweza lole n'kumupititsa kumsasa. Anasiya timawu ta Chipwitikizi timene ankasakaniza polankhula. Anayamba kupereka moni ngati ife, kuseka ngati ife. Ndipo popeza munthu amene ankamuona tsiku lonse anali amalume, anayamba kuwavala ngati malaya. Mfundo ya ukonde ankamanga ngati yawo. Poyenda ankaika dzanja lamanzere kumsana ngati iwo. Ngakhale tiyi ankamuuzira kaye kumbali kwa kapu monga ankachitira amalume. Ife tinkaseka tikawaona akutsika kudoko motsatizana, wamfupi patsogolo, wamtali pambuyo, manja onse kumsana. Amalume sankaseka. Anasintha n'kuyamba kuika dzanja lamanja kumsana, ndipo isanathe sabata Jafali anasinthanso.

"Abiti Sumani, munthu uyu akundifuna chiyani?" anafunsa tsiku lina ine ndili pomwepo.

"Akukulemekezani," anayankha azakhali akupeta mpunga. "Mwana amatengera bambo."

"Ine sindinabereke chithunzithunzi."

Kenako kunabwera dzinja limene amalume anagwa ndi malungo. Inali nyengo yopalira, pamene mudzi umatsala wopanda anthu. Amuna ndi akazi anali kuminda kutsinde kwa phiri, ena kunyanja, ndipo ankaswali komwe ali akamva azana. Shehe wathu anali atapita ku maliro a mkulu wake. Mumzikiti masana munkatsala nkhalamba ziwiri zokha, ina yosaona, ina yosamva. Amalume atalephera kudzuka pamphasa, azakhali anafuna kutuma uthenga kwa abale, koma iwo anakana kwamtuwagalu.

"Musauze munthu. Iwenso Patuma, tseka pakamwa. Masana ano pachulu pakangokhala zii, adziwa okha. Muona mmene athamangire."

Ndinawaona nkhope ndipo ndinadziwa kuti, ndi kunjenjemera konseko, mumtima anali kukondwa. Anauza azakhali kuti asese pabwalo ndi kuyala mphasa ina pakhonde, poti alendo adzachuluka. Dzuwa linafika paliwombo. Tinadikira. Ndiye kuchokera kuchulu kunamveka kutsokomola.

Ine ndinayang'ana pamphasa kuti nditsimikize ngati amalume analipodi. Analipo, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa. Panja mawu awo anali kukwera. Anafika pa mawu aatali aja, n'kuduka pakati, kamluzu n'kumveka, kenako n'kukwera pamwamba. Sanasiyane ndi eni ake ngakhale pang'ono. Azakhali anagwira pachifuwa n'kutchula dzina la Mulungu. Amalume anayesa kudzuka, mkono n'kuwakana, n'kugweranso pansi.

"Nthiti ndinathyoka ine," ananong'ona. "Iye akupumira pomwepo chifukwa chiyani?"

Jafali anachita zimenezo ndi mtima woyera, zimenezi sindikayika. Anaona kuti womusunga wadwala, ndipo anaganiza zomusungira malo. Atabwerako anagwada pakhomo akumwetulira, kudikira kuyamikiridwa. Amalume anatembenukira kukhoma. Nthawi ya swala ya Asiri, ya dzuwa litapendeka, Jafali anakweranso, ndipo mawa lake chimodzimodzi. Mphasa ya alendo inakhala pakhonde mpaka nkhuku zinayamba kugonapo. Palibe anabwera, chifukwa panalibe chobweretsa munthu: aliyense kumunda ankamva Che Amidu ali bwinobwino pachulu pawo. Nkhalamba yosaona ija inkamva mawu n'kukhulupirira kuti ndi Che Amidu. Yosamva ija inkaona Jafali akutsika pachulu, koma sinkadziwa kuti akuitana ndi mawu a yani, ndiye sinaone chonena. Ndinawapempha amalume kuti andilole ndikauze anthu, koma anati munthu wochita kuitanitsa omuzonda ndi wakufa kale. Usiku ndi usana ankamvetsera mapazi panjira. Mapazi akapitirira, ankatseka maso. Malungo ndawaonapo ambiri, koma sindinaonepo munthu akuwonda ndi kudikira ngati mmene anawondera amalume sabata imeneyo.

Lachisanu anadzikoka, atatsamira ndodo, kupita ku swala ya Ijuma. Anthu anali atatsika kuminda ndipo shehe anali atabwera. Ine ndinali kumbali ya amayi, pafupi ndi khomo, ndipo ndinaona zonse. Amalume anaima pabwalo ndi mkanjo wolendewera ngati uli pa msomali, kudikira kuti wina adabwe. Woyamba kuwafikira anali mlamu wawo wa chitseko chobiriwira uja, amene anawagwira dzanja mwansangala.

"Che Amidu, mwadya chiyani sabata ino? Mawu anu akumveka ngati a mnyamata. Dzana ndinali kuseri kwa phiri koma ndinakumvani bwinobwino. Zaka zonsezi simunaitanepo chonchi."

Ena anavomereza. Mmodzi anati mwina ndi uchi watsopano. Amalume anaswali, ndipo swala itatha anaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti m'mudzi muno muli mbala. Anthu anayamba kuyang'anana, kuganiza za maukonde ndi mbuzi. Atafotokoza chimene chabedwa, ena analephera kudziletsa n'kuseka, ndipo kusekako kunawabaya kuposa china chilichonse. Anafuna kuti shehe aletse Jafali kukweranso pachulu.

Shehe anali munthu woleza mtima. Anati azana ilibe mwini, ndi ya Mulungu, ndipo woitana safunika kutamandidwa. Anatinso nsanje pa ntchito ya Mulungu imadya malipiro a munthu.

"Shehe, mawu a azana ndi a Mulungu, sindikukana," anatero amalume. "Jafali akafuna aitane mpaka khosi lisase. Koma kutsokomola kuja n'kwa yani? Kupuma kuja n'kwa yani? Boti linagwera ine. Ndinagona miyezi ndikulavula magazi kuti ndipeze kupuma kumene kuja, iye wangokutola ngati mango akugwa okha. Ndinagona sabata yathunthu m'nyumba, ndikanafa mukanandiika liti? Mukanadziwa ndi fungo?"

Pamenepo kuseka kunatha. Jafali anali ataweramitsa mutu, misozi ikugwera pamkanjo wobwereka. Shehe sanaletse munthu. Anangoti awiriwo akakambirane kunyumba.

Sanakambirane. Amalume ananyanyala. Anati poti mudzi uli ndi Amidu wina, wamkulu chifuwa, wakale uja apume. Anakhala pakhonde n'kumasoka maukonde, ndipo nthawi ya swala ikakwana sankasuntha. Wina ankayenera kuitana, ndipo Jafali, mwamantha, ankakwera. Koma munthu wosauka uja sankatha kuitana mwanjira ina. Ankayesa kusatsokomola, chifuwa n'kutsokomola chokha. Choncho amalume ankakhala pakhonde kumadzimvera okha kasanu pa tsiku. Sanamuthamangitse Jafali m'kanyumba kaja, ndipo chakudya chinkapitabe kwa iye monga kale, koma sankamuyang'ana. Azakhali ankati atambala awiri salira m'khola limodzi, nanga awa olira mofanana titani nawo. Kwa ine ankangofunsa funso limodzi: anthu akuti chiyani? Ndikati akukusowani, ankati ndikunama. Ndikati sakunena kanthu, sankadya.

Tsiku lina masana ndinapita kukanyumba ka maukonde kukatenga lichero, ndipo ndinawapeza awiriwo ali mkati. Amalume ndiwo anapita okha. Ndinaima pakhomo ndipo sanandithamangitse.

"Kwanu kunalibe mzikiti?" anafunsa amalume.

"Unalipo, ambuye."

"Ankaitana ndani?"

Jafali anayankha: "Bambo anga."

"Ndiye mwana wa mwazini ukuba mawu a eni? Bambo ako analibe khosi?"

"Anali nalo." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Tsiku limene asilikali analowa m'mudzi, bambo anali akuitana Asiri. Ine ndinali kudimba. Ndinawamva akuyamba, sindinawamve akumaliza. Ndikatsegula pakamwa mwa kwathu, ndimafika pomwe anasiyira paja n'kuona zonse. Mawu anu alibe chimene amandikumbutsa. Komanso ndikaitana mwa kwathu, aliyense adziwa kuti sindine wa ku Namwera."

Ndinayesa kuti amalume afewa, amugwira paphewa, amuuza kuti apitirize. Munthu wina aliyense akanatero. Koma iwo anati: "Za ku Namwera usade nazo nkhawa. Mudzi wonse ukudziwa kumene unachokera, ngakhale mbuzi zikudziwa, ndipo palibe adzakukweze lole ine ndili moyo. Koma tamvera. Bambo ako anawapha kamodzi. Iwe ukuwaphanso tsiku lililonse, ndipo ukundiphera ine limodzi. Padziko pano patsala munthu mmodzi wodziwa mmene ankaitanira, ndiye munthuyo ali kalikiliki kutsokomola chifuwa cha eni. Asiri ya lero ndikaima pansi pa chulu. Ukangotsokomola, ndikukoka mwendo."

Anakaimadi, ndodo m'manja. Ine ndinali pamtondo ndi azakhali. Nthawi inakwana, n'kupitirira pang'ono, kuchulu kuli zii. Kenako kunatuluka mawu amene sitinawamvepo. Anayambira pansi, olemera, ngati munthu akulankhula ndi wodwala. Anakwera pang'onopang'ono osaduka paliponse, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse ankatsika n'kunjenjemera, kuzungulira kaye asanathe. Pakati pa azana mawuwo anaima. Tinadikira. Amalume anandiuza pambuyo pake kuti pamenepo Jafali anagwira nthambi ya bwemba, ndipo iwo anamenya chulu ndi ndodo n'kumuuza kuti amalize, bambo ake akudikira. Anamaliza.

M'mudzi monse misi inali itaima. Amayi amene anali kuchapa kunyanja anaimirira ndi zovala zikudontha m'manja. Mayi wina wothawa nkhondo, amene ankakhala kumapeto kwa mudzi ndipo sitinkamumva kulankhula, anabwera akuthamanga opanda mpango kumutu, akufunsa kuti waitanayo ndani, chifukwa umo ndi mmene ankaitanira kwawo. Azakhali anga anakhala pansi pafupi ndi mtondo n'kulira ngati mwana.

Mwina mukuganiza kuti nkhani inathera pamenepo, amalume atapeza chimene ankafuna. Ndiye kuti simunawadziwe. Anabwera kunyumba n'kupeza azakhali akupukuta maso, ndipo anaima n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abiti Sumani, chikwatiraneni ndakhala ndikuitana pachulu chomwechi. Munalirapo liti?"

"Inu ndiye munamuuza kuti aitane mwa kwawo."

"Ndinati aitane mwa kwawo. Sindinati aitane bwino chonchija."

M'mawa mwake anakwera pachulu okha asanapemphedwe ndi munthu, ndipo anatsokomola mwamphamvu moti agalu anauwa. Shehe anawagawira nthawi: Asiri ikhale ya Jafali, zina zonse za amalume. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka kanawameta amalume tsiku lililonse kwa zaka. Asiri ikayandikira ankapeza chifukwa chotumira azakhali m'nyumba. Ankayendayenda m'mudzi kuonera amene waimitsa ntchito kuti amvetsere, ndipo amene amupeza atatseka maso sankamupatsa moni mpaka mawa. Uchi wawo anayamba kuubisa padenga. Koma mlendo wina atanena padoko kuti azana ya anthu a kutsidya ndi yachisoni kwambiri, yosayenera kuno, amalume anamutukana mpaka munthuyo anasiya nsomba zake n'kuthawa. Jafali anali wawo woti amuchitire nsanje okha, osati wina aliyense. Ndipo Jafali anasintha. Dzanja linachoka kumsana. Timawu ta Chipwitikizi tinabwerera. Anayamba kumanga mfundo ya ukonde mwa kwawo, n'kumakangana ndi amalume kuti yolimba ndi iti, ndipo m'mikangano imeneyo ndi mmene ndinawaonera amalume ali osangalala kwenikweni.

Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera. Mlendo ndi mame. Jafali anati akufuna akaone ngati chulu chimene bambo ake nawonso ankaitanirapo chikadalipo. Mudzi unamuperekeza mpaka kumsewu, ena mpaka ku Chiponde. Amalume sanapite. Anati ali ndi ukonde wa mwini wofunika msanga. Koma Jafali atatsegula thumba lake m'basi, anapezamo kabotolo ka uchi, ndipo anatitumizira uthenga ndi woyendetsa njinga wina kuti kafika. Amalume anati mwina kanagweramo kokha. Sitinamuonenso Jafali. Tinamva patapita zaka kuti anamanga mzikiti waung'ono kwawo, ndipo pambuyo pake tinamva kuti anamwalira.

Asiri inabwerera kwa amalume. Miyezi yoyamba anaitana monga kale. Kenako tsiku lina ndili pamtondo ndinamva chinthu chachilendo. Kutsokomola kunali kwawo, kuduka pakati kunali kwawo, koma kumapeto kwa mzere mawu anatsika n'kunjenjemera, kuzungulira kaye asanathe. Ndinasiya musi n'kupita kukawadikira pampanda.

"Amjomba, kumapeto kuja n'kwa yani?" ndinawafunsa amalume mwa Chiyao chathu.

"Kumapeto kuti?"

"Kwa Jafali kuja."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chilonda. "Patuma iwe, makutu ako ayamba kukalamba. Ine kutsanzira munthu? Ndi ukalamba uwu, mawu akunjenjemera okha."

Ankanjenjemera okha pa Asiri pokha, tsiku lililonse, mpaka kumapeto. Swala zina zonse ankaitana mwa iwo eni. Sindinawafunsenso, ndipo azakhali atamwalira panalibenso wina wodziwa kumene kumapeto kuja kunachokera.

Mzikiti unamangidwanso ndi njerwa zootcha ndi malata, ndipo anaikapo chokuzira mawu. Anyamata a masiku ano amaphunzira azana pa foni, kutsanzira anthu a kutali amene sanawaonepo, ndipo onse amamveka bwino mofanana. Sungadziwe kuti waitana ndi mwana wa yani. Amalume anakana kugwira chokuziracho. Ankati chimapangitsa aliyense kumveka ngati ali mu ndowa imodzi. Akuluakulu a mzikiti, powalemekeza, anawasiyira Asiri yokha, ndipo masana aliwonse chokuzira chinkazimitsidwa, nkhalamba n'kukwera chulu chake mokwawa, kukana kugwiridwa mkono. Mawu sankafikanso kumsewu, ngakhale ine ndinkawauza kuti afika.

Tsiku limene anatisiya panalibe amene ankadziwa kuti akudwala, chifukwa sanadwale. M'mawa anasoka ukonde, masana anadya, n'kugona pamphasa pakhonde kuti apume pang'ono. Ine ndinali kudimba. Mthunzi unatalika kufika pomwe timadziwa kuti Asiri yakwana, ndipo ndinaimika khasu kudikira kutsokomola. Sikunamveke. Ndinayang'ana kudimba loyandikana nalo n'kupeza mnzanga nayenso waimika khasu. Tinangoyamba kuyenda, kenako kuthamanga. M'njira tinakumana ndi amayi ochokera kunyanja ndi zovala zonyowa, asodzi atasiya boti lisanafike pamchenga, anyamata a foni aja ali patsogolo. Palibe anatumidwa uthenga. Pamene ndinkafika, bwalo la amalume linali litadzaza mpaka kumpanda, anthu akufunsana kuti Che Amidu atani. Anali chigonere pamphasa, kofiya ili pankhope. Zimene anadikira sabata yathunthu m'dzinja lija zinachitika nthawi ya swala isanathe, ndipo ndinalira kwambiri poganiza kuti sanadzuke ngakhale pang'ono kuti aone amene wabwera ndi amene sanabwere.

Chulu chikadalipo kuseri kwa mzikiti. Popondera pamene anasema ndi khasu payamba kukokoloka ndi mvula, ndipo chiswe chayamba kumanga pamwamba pomwe mapazi awo anasalaza. Bwemba zikugwa popanda wotola. Anyamata anayatsa chokuzira pa Asiri, ndipo amaitana bwino ndithu. Mmodzi wa iwo, mdzukulu wa mlamu uja wa chitseko chobiriwira, anabwera kwa ine sabata yatha mwaulemu. Anati amatha kuitana ndendende ngati malemu, ndi kutsokomola komwe, ndipo anafunsa ngati banja lingakonde kuti akwere pachulu tsiku limodzi powakumbukira. Ndinamuthokoza, ndinamupatsa tiyi, ndipo ndinamuuza kuti ayi. Pachulu paja pakhale zii, kuti aliyense wodutsa pa Asiri azidziwa kuti Che Amidu palibe.